Impso Imodzi ya che Sabiti

Sabata imeneyo inali yanga. Ndiyambire pamenepa chifukwa anthu akamafotokoza za ngozi ya che Sabiti amaiwala zimenezi. Ife tili pa mitala. Ine ndine Habiba, mkazi wamkulu, wa kwa Mpama, ndipo panthawiyo ndinali nditakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ana anayi. Mnzanga ndi Shamsa, wa tsidya la mtsinje, amene anali atangotha zaka ziwiri pabanja. Amuna athu ankagona sabata kwathu, sabata kwa iye.

Munali mu Julaye, chaka cha 1986. Chiperoni chinali chitagwira masiku atatu, phiri la Chiradzulu osaoneka n'komwe, kamvula kakungowaza kosalekeza. Lachiwiri m'mawa, atangomaliza kuswali, che Sabiti anamangirira thumba la kabichi panjinga n'kunena kuti akupita kumsika ku Mbulumbuzi. Ndinawapatsa tiyi, ananyamuka.

Sipanapite nthawi, ndikusesa pakhonde, ndinangoona Sakina, mkazi wa mlongo wanga, akubwera chothamanga, mpango uli m'manja.

"Alamu, siyani tsachelo! Che Sabiti agwa ndi njinga pa mlatho wa kwa Shamsa!"

Mulungu andikhululukire. Mawu akuti "agwa" ndinawamva pambuyo. Amene anayamba kundilowa ndi akuti "kwa Shamsa," chifukwa njira yathu ya njinga yopita ku Mbulumbuzi sidutsa kumeneko.

Mlathowo ndi wa mitengo, ndipo kukagwa mvula umaterera ngati sopo. Tinapeza amuna atatu atawavuula kale m'madzi n'kuwagoneka paudzu. Ankati njinga inaterereka, iwo n'kugwera pamwala ndi nthiti za kumanja, kenako n'kukhala m'madzimo kwa kanthawi asanaoneke. Kabichi anali mbwee mumtsinje. Pa handulo ya njinga panali pakulendewerabe kapepala kapulasitiki, m'kati muli paketi ya shuga. Ndinaizindikira. Inali yochokera m'dengu langa.

Che Sabiti anali atagwira m'mbali, milomo itatuwa ngati phulusa. Ndinawaitana, anandiyang'ana, kenako maso anatembenuka. Ine ndinachita zimene ndinakula ndikuona akuchitira munthu wokomoka. Ndinalanda ndowa kwa mayi wina amene anabwera kudzatunga, n'kuwakhuthulira madzi kumutu ndi pachifuwa. Ndinatunganso yachiwiri.

"Achemwali, ayi! Musawathire madzi! Simukuona mmene akunjenjemerera?"

Anali Shamsa. Ankachokera kumsewu kumene anathamangira kukaimitsa galimoto. Anandilanda ndowayo pamaso pa anthu onsewo, ngati akulanda mwana mpeni. Sanaphunzire zachipatala, musaganize choncho. Anangoona munthu akuzizidwa.

Anali ataimitsa lole yopanda katundu yochokera kokatula njerwa. Amuna aja anawanyamula n'kuwagoneka kumbuyo pamasaka. Shamsa anawavula malaya onyowawo, anavula juzi yake yobiriwira n'kuwaveka, anamasula chitenje chapamwamba n'kuwakulunga. Kenako anachita chinthu chimene ine sindikanachita ngakhale mutandikwapula: anagona pambali pawo, n'kuwakumbatira thupi lonse, mwendo pamwendo, tsaya patsaya, anthu akuona. Anauza dalaivala kuti awafunditse tenti ya loleyo onse awiri.

Ine ndinakhala kumiyendo, nditanyamula nsapato zawo. Msewu wonse ndinkangoona tenti ija ikugwedezeka ndi kumva Shamsa akunong'ona m'katimo. Mphepo inkandicheka kumaso. Juzi ija ndinkaidziwa. Anamugulira ku Limbe mwezi umene ine anandibweretsera sefa.

Tinafika pachipatala cha mishoni cha m'ma naini koloko. Anatilandira nesi wamkulu thupi, wolankhula Chinyanja chokokera ku Chilomwe, dzina lake a Bernadetta. Anawaika kagalasi koyezera kutentha, anakayang'ana, anakakutumula n'kukaikanso ngati sakukhulupirira. Anawalowetsa kapaipi kotulutsira mkodzo, ndipo zimene zinatsikira m'botolo anali magazi okhaokha. Anatuma munthu kukaitana adokotala.

Adokotala anali a Kalinde, munthu wamfupi wa imvi m'mbali mwa makutu, amene anthu ankati anaphunzira za opaleshoni kunja. Anawagwiragwira pamimba, anayankhula ndi nesi m'Chingerezi, kenako anatiitanira m'kachipinda kawo.

"Akazi awo ndi ati?"

"Ndine," tinayankhira pamodzi.

Sanaseke. Anangotiloza benchi.

"Amuna anu akutaya magazi m'kati, ndipo thupi lawo lazizira kwambiri. Zinthu ziwirizi zikakumana zimapha. Magazi a munthu wozizidwa sagwirana, amangotuluka, ngakhale ine nditasoka bwanji. Anawafunditsa chonchi panjira ndani?"

Shamsa anayang'ana pansi. A Bernadetta ndiwo anayankha, poti dalaivala anali atawauza kale zonse.

"Mwachita bwino kwambiri, mayi," anatero adokotala kwa Shamsa. "Pakanapanda inu, bwenzi atafika kuno tilibe chochita. Nanga tsitsi ndi buluku zanyowa chonchi bwanji? Anakhalitsa m'madzi?"

Ndinadikira kuti Shamsa andiloze.

"Eya, anakhalitsa," anatero iye. Sanandiyang'ane n'komwe.

Mwina mukuganiza kuti ndinamuthokoza mumtima. Ayi. Ndinamuda kuposa poyamba. Mwana woti ndinamuona akupita kumadrasa ndi mamina, lero akundibisira ine manyazi.

Adokotala anali atatembenuzira mpando wawo kwa Shamsa, ngati ine ndangoperekeza.

"Impso ya kumanja yang'ambika. Tikawatenthetsa pang'ono ndi kuwapatsa magazi, ndiwatsegula. Ndikapeza kuti yang'ambika kwambiri, ndiichotsa, chifukwa ndiyo njira yachangu yoletsera magazi. Musaope. Munthu ali ndi impso ziwiri, ndipo imodzi imakwanira. Kodi anadwalapo matenda ena aakulu?"

"Ayi, adokotala," anatero Shamsa, mawu ake ali ndi kakunyada. "Ndi munthu wamphamvu. Sadwaladwala."

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Che Sabiti anakula ndi likodzo, monga anyamata ambiri osambira m'madamu. Titakwatirana ankadandaula kupweteka m'mbali ya kumanzere chaka ndi chaka, mpaka mu 1979 ndinawaperekeza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anawajambula n'kuwauza kuti likodzo linatseka kanjira kochokera ku impso ya kumanzere kupita kuchikhodzodzo, ndipo impsoyo inatupa n'kusiya ntchito. Anatsala ndi imodzi. Pobwerera m'basi anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale amayi awo. Ndipo pamene ankakwatira Shamsa anandikumbutsanso. "Mtsikanayu asadziwe kuti wakwatiwa ndi munthu woperewera," anatero. Ndinasunga zimenezo zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndikanakonda kunena kuti ndinayankhula chifukwa choopa kuti afa. Manthawo analipo, koma anabwera pambuyo. Chimene chinatsegula pakamwa panga ndi mawu aja akuti "sadwaladwala."

"Adokotala, mukufunsa munthu wobwera dzulo," ndinatero. "Amuna angawa ndimawadziwa ine. Impso imene mukuti muchotseyo ndi yokhayo. Inayo inafa kalekale."

Mpando uja unatembenukira wonse kwa ine. Anandifunsa chaka, anandifunsa zimene anajambula, zimene ananena, mbali yake, ngati amadzuka kangati kukataya madzi. Ndinayankha chilichonse, pang'onopang'ono, mokweza, ndikuonera Shamsa pakona ya diso. Nkhope yake inagwa. Ndinamva kukoma ngati ndamwa thobwa pa dzuwa.

Adokotala anagwira chibwano. Kenako anati, "Ndiye kuti sindingaichotse. Ndiyenera kuisoka, zivute zitani." Anauza a Bernadetta zinthu zingapo mofulumira m'Chingerezi, n'kundipatsa pepala kuti ndidinde chala. Ndinadinda ine. Shamsa amatha kulemba dzina lake, koma cholembera sanamupatse.

Magazi anapereka ndi mlongo wanga, mwamuna wa Sakina, ndi mmodzi wa amuna amene anawavuula aja. Ife akazi anatipatsa ntchito ina. A Bernadetta anatitengera kukhitchini ya odikirira odwala n'kutionetsa mulu wa mabotolo agalasi. Tiwiritse madzi, tithire m'mabotolo, titseke bwino, tikulunge ndi nsalu kuti asawauze khungu, tizipereka pakhomo la fiyeta. Akazizira atibwezera, tithirenso ena.

"Musalekeze mpaka ndikuuzeni," anatero. "Muno mulibe chotenthetsera china. Mabotolo anuwa ndiwo moto wawo."

Tinasonkha moto aliyense pake. Nkhuni zinali zonyowa, utsi uli tolo. Iye akadzaza mabotolo atatu, ine ndinkafuna ndidzaze anayi. Ndinapsa chala, osamva. Mayi wina wodikirira mwana wake, amene ankaphika phala pafupi, anatiyang'ana n'kundiuza kuti, "Muli ndi mwayi, mayi. Mwana wanuyu ndi wolimbikira. Ndi woyamba?"

Shamsa anatsegula pakamwa kuti akonze, koma ine ndinali nditanyamula kale mabotolo n'kutuluka.

Unali ulendo wanga wachitatu kapena wachinayi wopita kufiyeta pamene ndinakumana ndi bambo wina wantchito pachipatalapo, a Bonifasio, atanyamula beseni lophimba ndi nsalu yoyera. Ankayenda mofulumira. Nsalu inasendera, ndipo ndinaona matumba awiri a madzi a diripi, ouma gwa, oyera mbuu, akufuka nthunzi yozizira. Ayisi. Analowa nawo m'chipinda momwe munali amuna anga.

Ine ayisi ndinkamudziwa pa zinthu ziwiri: nsomba za pamsika ku Limbe, ndi mitembo imene amasunga kuchipatala chachikulu abale akachedwa. Adokotala anali atanena okha kuti kuzizira kuwapha. Ndiye munthu wamoyo angamupititsire ayisi chifukwa chiyani?

Botolo linandipulumuka n'kusweka pasimenti. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndipo tamverani zimene zinabwera m'mutu mwanga, ine mkazi wa zaka makumi anayi, woswali kasanu patsiku. Ndinaganiza kuti maliro adzatulukira nyumba iti. Ndinaganiza kuti afa atavala juzi ya Shamsa, fungo lomaliza kulimva lili la mafuta ake. Ndinaganiza kuti eda, miyezi yathu yaumasiye ija, ikadzatha iye adzakwatiwanso, akadali ndi mano onse, ine n'kutsala ndi ana anayi ndi mbiri yoti ndinawathira madzi. Kenako ndi pamene chisoni chenicheni chinafika, ndipo ndinayamba kukuwa.

Shamsa anabwera akuthamanga. Atamva mawu oti ayisi, nayenso anagwada n'kuyamba kulira. Anthu anasonkhana pakhonde. Chitseko cha fiyeta chinatseguka pang'ono, a Bernadetta n'kusuzumira, kansalu kali kukamwa.

"Akulira maliro pano ndani? Wamwalira ndani?"

"Ayisi uja," ndinatero. "Tamuona."

Anatuluka n'kukankha chitseko ndi chigongono, manja atawakweza m'mwamba kuti asakhudze kanthu.

"Tamverani, ndilibe nthawi. Amuna anu ali moyo. Kuti adokotala asoke impso, ayenera kutseka kaye mtsempha wobweretsa magazi, apo ayi saona chimene akusoka. Koma impso ikakhala yopanda magazi kupitirira theka la ola imayamba kufa. Ukaiziziritsa imapirira nthawi yaitali, imakhala ngati yagona. Ndiye matumba aja tiwaphwanya, ayisi wake timuika mozungulira impso yokhayo. Adokotala amasunga matumba otere m'firiji chifukwa cha odwala miyala ya mu impso. Thupi lonse tikulifunditsa, impso yokha ndiyo tikuiziziritsa. Mwamva?"

"Ndiye kuzizira kumapha kapena kumachiza?" ndinafunsa. "Ine nditawathira madzi kumtsinje kuja..."

Ndinadzigwira pakamwa mochedwa. A Bernadetta anandiyang'ana, anayang'ana Shamsa, n'kupukusa mutu.

"Kani munali inu. Zimatengera pamene wakuika, mayi, ndi nthawi yake. Tsopano ayisi ali m'mimba mwawo, ndiye mabotolo ndikuwafuna kuposa kale. Dzukani."

Tinadzuka. Shamsa anatola magalasi osweka aja ndi manja. Ine ndinabwerera kumoto ndikudziwa kuti khonde lonse lamva.

Anawatulutsa cha m'ma thiri koloko masana, atawakuta mabulangete anayi, nkhope yokha ikuoneka. Adokotala anatipeza panja. Malaya awo anali atanyowa ndi thukuta ngakhale kunali kuzizira chotero.

"Ndaisoka. Kachidutswa kakumunsi ndachotsa, kanali kataphwanyika. Mtsempha ndinautseka pafupifupi ola lathunthu, ndipo popanda ayisi impsoyo sikanapirira. Magazi asiya. Tsopano tidikire kuti idzuke. Chizindikiro chake ndi mkodzo. Ukamatsika m'botolo, tapambana. Ukapanda kutsika masiku atatu, ine pano ndilibe china choti ndingachite."

Kenako anayang'ana ine. "Mayi, mukanakhala chete, mwina ndikanazindikira nditatsegula, mwinanso ayi. Magazi anali ochuluka, ndipo ndinkafulumira."

Anangonena zomwezo basi, pamaso pa ine ndi Shamsa. Panalibe dalaivala woti akazifalitse.

Muwodi ya amuna anawagoneka bedi lapafupi ndi khomo. Botolo la mkodzo linali pansi, mbali ya kumanja, ndipo ine ndinafulumira kuyala mkeka wanga mbali imeneyo. Shamsa anakhala kumanzere. Iye ankawapukuta kumaso, kuwanyowetsa milomo, kuwakonzera bulangete. Ine ndinkayang'anira botolo. Lachitatu lonse munangotsika timadontho tofiira, tosadzaza ngakhale kapu ya tiyi. A Bernadetta ankabwera, kuyang'ana, kulemba, n'kumapita. Lachinayi m'mawa chimodzimodzi. Ndinayamba kuwerenga madontho ngati mikanda ya tasibihi popemphera.

Lachinayi lomwelo dzuwa litapendeka, kapaipi kaja kanayamba kudontha mosalekeza. Mtundu unasintha, kuchoka kofiira kupita kwa tiyi wopanda mkaka. Pofika nthawi ya chakudya chamadzulo botolo linali litadutsa theka. Ndinalinyamula ndi manja awiri kupita nalo patebulo la manesi, ndikudutsa pakati pa mabedi onse, ngati ndanyamula mwana wobadwa kumene. A Bernadetta analiyang'anitsa pawindo n'kumwetulira koyamba.

"Yadzuka," anatero.

Nditabwerera ndinapeza che Sabiti atatsegula maso, dzanja lawo lili m'dzanja la Shamsa.

Masiku otsatira, amuna a muwodimo sanatope nayo nkhani ya lole. Aliyense wobwera kudzaona wodwala wake ankamulozera Shamsa. "Ndi uyo anagona pa mwamuna wake msewu wonse." Bambo wina wothyoka mwendo ankauza mkazi wake tsiku lililonse kuti akaphunzire kwa iye. Za ine ankadziwa ziwiri: ndowa ya madzi, ndi kulira maliro a munthu wamoyo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, Shamsa atapita kukachapa, che Sabiti anandiitana ndi chala. Mawu awo anali akadali ofooka.

"Habiba, munalumbira."

"Ndikanakhala chete bwenzi lero tikulandira anthu opepesa."

"Zimenezo ndikudziwa. Adokotala andiuza. Sindikukana." Anapuma kaye, akugwira pabala. "Koma mukanawatengera pambali. Mukanapempha kuti mtsikanayu atuluke kaye. Inu munanena kuti iye amve."

Ndinafuna kukana, koma munthu amene wagona nawe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sungamunamize zotere. Ndinangoti, "Nanga inu, shuga wanga mumapita naye kuti, pa sabata yanga?"

Anatseka maso n'kunamizira kugona.

Yankho ndinalipeza kwa mwini wake. Ndinamutsatira kumpopi kumene ankachapa nsalu za pabedi. Ndinaima pambali pake, iye atawerama.

"Unawatuma shuga?" ndinafunsa.

"Sindinawatume. Anamva kuti ndikusanza chilichonse kupatula tiyi." Anafinya nsalu. "Ndili ndi pakati, achemwali. Miyezi itatu."

Mwana wanga womaliza anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkadziwa kuti sipadzakhalanso wina.

"Ndiye wapambana zonse," ndinatero.

Apo ndi pamene anadzuka. Maso ake anali ofiira, ndipo sanayankhule mwaulemu monga ankachitira.

"Ndapambana chiyani? Zaka ziwiri ndikugona ndi munthu, ndikuwaphikira, ndikuwanyamulira mwana, osadziwa kuti ali ndi impso imodzi. Ndinaima pamaso pa adokotala n'kunena bodza ndikuyesa zoona. Akanamvera ine, ndikanawapha ndine. Inu anakuuzani. Ine amandigulira juzi."

Ndinayembekeza kuti mawu amenewo andiziziritsa mtima. Anandikomera kwa kanthawi kochepa chabe. Pobwerera kuwodi ndinkangoona mimba yake, ngakhale inali isanayambe kuoneka.

Anakhala m'chipatala masabata atatu. Tsiku lotuluka adokotala anati akakhale pamalo posavuta kupeza galimoto, kuopa kuti magazi angayambirenso. Kwa Shamsa ndi kufupi ndi msewu. Kwathu uyenera kuwoloka mlatho womwe uja. Panalibe choti n'kutsutsa, ndipo che Sabiti sanayese n'komwe kuoneka ngati akuganizira. Ndinapinda mkeka wanga, ndinawaperekeza mpaka pakhomo la Shamsa, ndinakana tiyi, n'kuwoloka ndekha.

Anakhala kumeneko miyezi iwiri. Ana ankapita kukawaona, ine ayi. Sakina ankandibweretsera nkhani zimene sindinamutume: kuti ayamba kuyenda ndi ndodo, kuti Shamsa amawaotchera madzi osamba kawiri patsiku, kuti a shehe anamutchula pa Lachisanu monga chitsanzo cha mkazi wabwino. Ndinkamvetsera ndikusenda chinangwa mpaka kusenda ndi chala chomwe.

Kumayambiriro kwa Okutobala, kutatentha, ndinangoona munthu akubwera pang'onopang'ono m'njira ya kudimba, ataonda, chipewa chikuoneka chachikulu. Anakhala pakhonde n'kupempha madzi. Ndinawapatsa nditagwada, monga mwa masiku onse, koma sindinawafunse za ulendo.

"Lolemba ndikupita kukaonedwa kuchipatala," anatero. "Ulendo wathawu ndinapita ndi Shamsa. Adokotala anafunsa zinthu zakale, za mankhwala amene ndinamwa ku Blantyre, ine ndaiwala, iye sadziwa. Ndiye anati ulendo uno ndibwere ndi mkazi wamkulu."

"Anatero?"

"Anatero. Anati, mubwere ndi mayi aja amadziwa mbiri yanu."

Lolemba ndinavala chitenje chimene ndinkasungira Idi. Tinawoloka mlatho, ine patsogolo nditawagwira dzanja, n'kukadikira basi pamsewu, pamalo poonekera bwino kuchokera pakhonde la Shamsa. Iye anatuluka, mimba ili patsogolo, anatipatsa moni, n'kuima atagwira nsanamira mpaka basi inabwera. Kuchipatala ndinayankha mafunso onse. Pobwerera che Sabiti anandigulira nthochi ndi mandasi, tinadyera limodzi pansi pa mtengo ngati anthu ongotomerana kumene.

Shamsa anabereka mwana wamwamuna mu Januwale, anamutcha Abdulkarim. Ndi mwana wabwino, amafanana ndi bambo ake kuposa ana anga onse, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Che Sabiti ali moyo, patha zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Njinga anasiya, amagulitsa pa okala pamsewu. Miyezi itatu iliyonse amapita kukayezetsa mkodzo ndi magazi, ndipo amene amawaperekeza ndine, ngakhale tsikulo litagwera pa sabata ya mnzanga.

Chaka chatha Shamsa anandipempha. Anabwera yekha kwathu, anakhala pamkeka, anayamba ndi nkhani za mvula, kenako anati, "Achemwali, ulendo ukubwerawu bwanji ndipiteko ine? Nanenso ndikufuna ndizimva zimene amanena."

"Si ine ndinakonza," ndinamuyankha. "Ndi lamulo la adokotala. Anati mkazi wamkulu."

Anagwedeza mutu n'kumapita. Zoona zake n'zakuti a Kalinde ananena mawu amenewo kamodzi kokha, za ulendo umodzi wokha, ndipo anasamukira kwina patangotha chaka chichitikire ngoziyo. Adokotala amene alipo pano sadziwa n'komwe kuti che Sabiti ali ndi akazi awiri. Che Sabiti amadziwa zonsezi, koma sananenepo kanthu kwa Shamsa, ndipo ine sindidzanena.